Mafinya m'chiberekero cha galu wobayidwa jakisoni wolera: lipoti kwa anzanga osamalira ziweto

Lipoti ili likufotokoza za galu wamkazi wa zaka 7, wolemera makilogalamu 24, wobadwa kwa galu wachikuda ndi German Shepherd, amene anabwera naye ku chipatala chathu cha ziweto mu mzinda wa Lilongwe pakati pa mwezi wa Okutobala. Matenda amene anali nawo, mafinya odzaza m'chiberekero, omwe m'mabuku a ntchito yathu amatchedwa pyometra, si achilendo kwa aliyense wa ife. Ndawalemba chifukwa anabisala pafupifupi sabata zitatu kuseri kwa zifukwa ziwiri zimene kuno kwathu zimamveka zoona nthawi zonse, dzuwa ndi nkhupakupa.

Mbiri ya galu ndi chiyambi cha vuto

Galuyu anali wolondera panyumba ya mpanda, anaswapo kawiri ali wamng'ono, ndipo katemera wa chiwewe ankalandira chaka chilichonse. Mwini wake, mayi wogwira ntchito mu ofesi, anafotokoza kuti kwa sabata ziwiri galuyo ankamwa madzi mopitirira muyeso ndi kukodza pafupipafupi, mpaka pakhonde pamene sankakodzapo n'kale lonse, koma onse apakhomo anati ndi dzuwa la Okutobala, poti ngakhale anthu ankangokhalira kumwa madzi. Galuyo atasiya kudya ndi kuyamba kugona tsiku lonse, mayiwo anaitanitsa munthu wina wodziwa za mankhwala a ziweto, amene ataona nkhupakupa m'makutu ndi usinini wotuwa anati ndi matenda a nkhupakupa, n'kumubaya diminazene ndi oxytetracycline popanda kuyeza magazi. Galu anapezako bwino masiku ochepa, kenaka anayamba kusanza, mimba n'kuoneka yotupa.

Mnzathu ameneyu sindikumuweruza kwambiri, chifukwa Babesia ndi Ehrlichia, tizilombo toyambitsa matenda a nkhupakupa, n'zofala m'madera athu moti woganizira nkhupakupa poyamba amalondola kawirikawiri. Komabe diminazene si mankhwala obaya mongoyerekeza, pakuti mlingo wake kwa galu ndi wopapatiza, pafupifupi mamiligalamu 3.5 pa kilogalamu, ndipo ukapitirira kapena ukabwerezedwa msanga umawononga ubongo. Kupezako bwino kuja mwachionekere kunadza ndi oxytetracycline, amene anachepetsako mabakiteriya koma sakanatha kuyeretsa thumba lotsekeka la mafinya, ndipo kunapatsa banjalo chifukwa chodikirira masiku ena.

Zimene tinapeza pomupima

Pofika kwa ife galu ankatha kuyenda, koma mofooka, mutu uli pansi. Kutentha kwa thupi kunali madigiri 38.9, komwe kwa galu si kokwera. Mtima unkagunda ka 148 pa mphindi, usinini unali wotuwa ndi wouma, ndipo ukadinidwa ndi chala magazi ankachedwa kubwerera kupitirira masekondi awiri. Tinayerekeza kuti wataya madzi okwana pafupifupi maperesenti 8 a kulemera kwake. Mimba inali yokula ndi yolimba, ndipo ankabuula ikakhudzidwa chakumbuyo, choncho sitinaifinye. Kumaliseche kunalibe chotuluka chilichonse, ubweya wa kunsi kwa mchira unali wouma wopanda fungo, ndipo m'njira yoberekera munalibe chotupa cha TVT, khansa yopatsirana pokwerana ija imene timaiona kawirikawiri mwa agalu oyendayenda. M'limodzi mwa mawere akumbuyo munali kachotupa kolimba ka masentimita 1.5.

Nkhani inatembenuka pa funso limodzi. Ndinafunsa kuti, "Mayi, galuyu nyengo yake yofuna amuna anaimaliza liti?" Iwo anayankha mosakayika kuti, "Adokotala, ameneyu zimenezo anasiya kale, wakalamba." Mnyamata wogwira ntchito pakhomo pawo, amene ananyamula galuyo ndipo anali ataima chapatali, anapempha kulankhula nati, "Pepani adokotala, magazi anaoneka kumapeto kwa Ogasiti, ndiye tinamubayitsa jakisoni uja monga mwa nthawi zonse." Titafunsitsa tinapeza kuti kwa zaka pafupifupi zitatu, nthawi iliyonse magazi akaoneka ndipo agalu amphongo akayamba kudzaza pachipata, galuyo ankabayidwa jakisoni wolera wa anthu, uja amayi amabayitsa pakatha miyezi 3 iliyonse, yemwe mankhwala ake ndi medroxyprogesterone acetate. Mayiwo anavomereza zimenezi pachiyambi kenaka n'kuziiwala, ndipo popeza sankamvanso phokoso la agalu usiku, anakhulupirira kuti ukalamba ndiwo wathetsa nyengo. Amene amadyetsa galu, kumusambitsa ndi kukolopa pakhonde ndiye amadziwa mbiri yake, ndipo kawirikawiri si iye amene amakhala pampando kuyankha mafunso athu.

Chifukwa chake tsiku la nyengo linali lofunika

Galu wamkazi amayamba nyengo ali ndi miyezi pakati pa 6 ndi 24 malinga ndi mtundu wake, ndipo kwa ambiri imabwera pakatha miyezi 6 kapena 7. Siileka monga mmene amayi amalekera kusamba. Akamakalamba imangotalikirana, zizindikiro n'kuchepa. Gawo loyamba, la masiku pafupifupi 9, ndi lija eni agalu amaliona, pamene kumaliseche kumatupa, magazi amadontha, amphongo amasonkhana koma iye amawakana. Gawo lachiwiri, nalonso la masiku pafupifupi 9, ndi limene amalola kukweredwa ndipo mazira amatuluka. Eni ake amayesa kuti nkhani yathera pamenepo, chonsecho gawo lachitatu, losaoneka ndi maso, ndilo limatikhudza ife. Kwa miyezi iwiri yotsatira homoni ya progesterone imakhala yokwera mwa galu aliyense, kaya watenga bere kaya ayi, ndipo ntchito yake ndi kukonzera ana malo. Imakulitsa tizigawo totulutsa madzi m'kati mwa chiberekero, imatseka khomo lake, imachiletsa kudzifinya, ndiponso imafooketsa chitetezo cha m'menemo. Mabakiteriya amene analowa khomo lili lotseguka, makamaka E. coli wochokera m'matumbo a galu yemweyo, amatsekeredwa m'kati ndi chakudya chokwanira.

Nyengo iliyonse imasiya chizindikiro chake pa khungu la m'kati mwa chiberekero, limene m'kupita kwa zaka limakhuthala ndi kudzala timatuza, monga anafotokozera wofufuza wina dzina lake Dow kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo n'chifukwa chake matendawa amakonda agalu opyola zaka 6. Kafukufuku wa m'mabuku a inshuwalansi ya agalu ku Sweden, dziko limene agalu aakazi ambiri sachotsedwa chiberekero, wofalitsidwa mu 2001 ndi winanso mu 2012, anaonetsa kuti galu mmodzi mwa anayi kapena asanu amakhala atadwala pyometra pofika zaka 10. Kwa galu wathuyu, jakisoni wolera ankaonjezera progesterone yopanga yokhalitsa m'thupi, ndipo ankabayidwa pa nthawi yoipitsitsa, magazi atayamba kale kudontha, pamene homoni ya oestrogen yakonzeratu chiberekero kuti chimve progesterone mwamphamvu. Kuwerenga kuchokera kumapeto kwa Ogasiti, anali m'sabata ya 6 kapena 7, pakati penipeni pa nthawi imene matendawa amaonekera.

Ludzu lija nalo limamveka pamenepa. Poizoni wa E. coli amalepheretsa timachubu ta m'impso kumvera homoni yosunga madzi m'thupi, moti galu amakodza kwambiri kenaka n'kumwa kuti abweze zimene wataya. Kusatuluka kwa mafinya sikunatitonthoze, m'malo mwake kunatiuza kuti khomo n'lotseka, womwe ndi mtundu woopsa kuposa uja wa khomo lotseguka, umene mwini amauzindikira msanga chifukwa cha fungo. Kusakwera kwa kutentha kwa thupi nakonso sikutsutsa kanthu, popeza agalu ambiri a pyometra amabwera opanda kutentha thupi.

Zoyeza

Magazi a kunsonga kwa khutu opakidwa pagalasi sanaonetse Babesia. Izi zokha sizikanatsimikizira kanthu mwa galu amene anabayidwa kale diminazene, koma galasi lomwelo linadzaza maselo oyera a mtundu wa neutrophil, ambiri osakhwima. Makina anawerenga maselo oyera 38 x 10^9 pa lita, pamene mlingo wabwino suposa 17. PCV, muyeso wa kuchuluka kwa maselo ofiira m'magazi, inali maperesenti 33, maselo oundanitsa magazi anali okwanira, ndipo creatinine, imene imakwera impso zikamavutika, inali mamaikulomolo 240 pa lita. Shuga wa m'magazi anali bwino, zimene tinafuna kutsimikiza chifukwa progesterone, yachilengedwe kapena yobaya, imatha kuyambitsa matenda a shuga mwa galu, ndipo nawo amabwera ndi ludzu. Mkodzo tinautenga galu akukodza yekha, osati pobaya chikhodzodzo ndi singano, poopa kuboola chiberekero chotupa, ndipo unali wosungunuka, wolemera 1.010 poyerekeza ndi madzi, ngakhale thupi linali lopanda madzi.

Sikani inathetsa mkangano wonse. Nyanga ziwiri za chiberekero zinali zodzaza madzi amatope, zotambalala masentimita 4 mpaka 5, zopindikapindika m'mimba monse, popanda mwana kapena mtima wogunda, pamene bere la sabata 6 likanaoneka bwino lomwe, poti mitima ya ana imayamba kuoneka cha pa tsiku la 25. Kunja kwa chiberekero kunalibe madzi, kutanthauza kuti chinali chisanaphulike. Kwa anzanga opanda sikani, mbiri ya nyengo, ludzu ndi galasi limodzi la magazi zinali zitaloza kale kumene kunali vuto.

Chisankho

Mayiwo atamva mtengo wa opaleshoni anafunsa kuti, "Adokotala, simungangomubaya jakisoni wamphamvu kuti tidikire mwezi uthe?" Funsoli linali lachilungamo ndipo ndinaliyankha mwatsatanetsatane. Njira ya mankhwala ilipo: aglepristone amatsekereza progesterone, khomo n'kutseguka, ndipo prostaglandin amafinya chiberekero. Koma njira imeneyi ndi ya galu wachichepere, wosafooka kwambiri, amene mwini wake akufunabe kuti adzaswe, ndipo imatenga masiku isanagwire ntchito, komanso matendawa amatha kubwerera pa nyengo yotsatira. Prostaglandin pa khomo lotseka akhoza kuphulitsa chiberekero kapena kukankhira mafinya m'mimba. Galuyu anali ndi zaka 7, impso zinali zitayamba kuvutika, mtima ukuthamanga, ndipo pakhomopo panalibe wofuna ana ake. Ndinawauza kuti, "Mayi, mankhwala sangafike bwino m'thumba lotsekeka, ndipo sabata ziwiri galuyu alibe." Tinagwirizana kuti alipire mbali imodzi tsiku lomwelo, yotsalayo pakutha pa mwezi.

Chisankho chachiwiri chinali cha nthawi, ndipo pamenepa ndi pamene agalu ambiri a matendawa amatayikira. Kuthamangira kumpeni ndi galu wopanda madzi m'thupi kumapha pa tebulo, ndipo kudikira mpaka magazi akhale bwino n'kudikira chosatheka, popeza gwero la poizoni likadali m'mimba. Tinasankha maola ochepa okonzekera. Tinamuika diripi ya Ringer's lactate, poyamba mothamanga m'magawo a mamililita 10 mpaka 20 pa kilogalamu, tikumvetsera mtima ndi mapapo pakati pa gawo lililonse, kenaka pang'onopang'ono. Tinapereka mankhwala opha mabakiteriya, ampicillin wa mumtsempha pamodzi ndi enrofloxacin, komanso mankhwala oletsa kusanza ndi oletsa ululu a gulu la opioid. Gentamicin tinamupewa ngakhale amapha E. coli bwino, ndipo meloxicam, woletsa ululu, tinamusunga kaye, chifukwa onse awiri amavulaza impso zosowa madzi. Pofika madzulo mtima unali utatsika pa 118, usinini utanyowa, ndipo galu atakodza, zimene zinatikwanira kuti tiyambe.

Opaleshoni

Pomugoneka sitinagwiritse ntchito xylazine kapena acepromazine, poopa kugwetsa kuthamanga kwa magazi; tinapereka diazepam ndi propofol pang'onopang'ono, kenaka isoflurane, diripi ikuyendabe. Tinacheka pakati pamimba motalika, kuyambira pamwamba pa mchombo mpaka pafupi ndi fupa la chinena. Pa opaleshoni wamba yotseka galu kuti asaswenso timanyadira bala lalifupi, koma pano bala lalifupi limakakamiza dokotala kukoka, ndipo chiberekero cha mafinya chimang'ambika ngati pepala lonyowa. Ngowe yokokera chiberekero sinalowe n'komwe m'mimba. Nyanga iliyonse tinaitulutsa ndi manja awiri n'kuigoneka pa nsalu zonyowa, ndipo m'mimba tinatchinga ndi nsalu zina kuti kadontho kalikonse kasagwere m'kati.

Mitsempha ya timatumba ta mazira inali yokula, choncho mbali iliyonse tinaimanga kawiri, ndipo mitsempha ya m'chikopa chogwirizira chiberekero, imene mwa galu wamng'ono timangoing'amba ndi zala, tinaimanganso. Kumunsi tinamanga mtsempha wa mbali iliyonse paokha tisanamange thunthu, n'kudula pa khomo penipeni kuti pasatsale chigawo cha chiberekero chodwala. Tinagwiritsa ntchito ulusi wosungunuka wa polydioxanone m'malo mwa catgut, amene amafooka msanga pamalo pamene pali matenda. Tisanatseke mimba tinatsegula chikopa chokuta kathumba kalikonse ka mazira pa tebulo lapambali kuti tione ndi maso kuti timatumba tonse tiwiri tatuluka tathunthu, popeza kachidutswa kotsala kamabweretsanso nyengo ndipo kamatha kudwalitsa chitsa cha chiberekero patsogolo. Chiberekero chinalemera makilogalamu 2.1, chodzaza mafinya ofiirira onunkha, khungu lake la m'kati lili lokhuthala ndi timatuza tambirimbiri. Kachotupa ka m'mawere tinakasiya dala kuti tisatalikitse nthawi yogona kwa galu wofooka.

Zotsatira

M'mawa mwake maselo oyera anakwera kuposa poyamba. Izi zimadziwika ndipo si chizindikiro chakuti mafinya atayikira m'mimba: mafuta a m'mafupa amapitirizabe kupanga maselo mothamanga pamene chiberekero chimene chinkawameza chachotsedwa. Tinaweruza poona galu mwiniyo, amene mimba yake inali yofewa, kutentha kuli bwino, ndipo anayamba kudya pa tsiku lachiwiri. Pa tsiku lachitatu creatinine inatsika kufika pa 150, ndipo anapita kwawo tsiku lotsatira atavala chotchinga pakhosi kuti asanyambite bala. Labotale inapeza E. coli womva amoxicillin wophatikiza ndi clavulanate, choncho anamaliza masiku 10 pa mapiritsi amenewo. Ludzu linachepa pang'onopang'ono m'sabata ziwiri, ndipo patatha mwezi creatinine inali yabwino, umboni wakuti impso zinkavutika ndi kusowa kwa madzi ndi poizoni, sizinali zowonongekeratu.

Patatha sabata imodzi mayiwo anaimba foni ali ndi nkhawa kuti mawere a galu akutuluka mkaka ndipo akukokera nsanza pakona. Ili linali bere labodza, ndipo gwero lake ndi opaleshoni yomwe. Kuchotsa timatumba ta mazira pamene progesterone ili yokwera kumaigwetsa mwadzidzidzi monga zimachitikira galu akaswa, ndipo homoni ya prolactin imakwera n'kuyambitsa mkaka. Tinawalangiza kuti asamukame kapena kumuthowa mawere, popeza kukhudza kumaonjezera mkaka, ndipo zinatha zokha osafunika cabergoline, mankhwala oumitsa mkaka. Ndi bwino kuchenjezeratu mwini galu za zimenezi pa tsiku lotuluka, chifukwa munthu amene walipira opaleshoni yochotsa chiberekero akaona mkaka amayesa kuti sitinachotse kanthu. Kachotupa kaja tinakachotsa patatha sabata 6, ndipo kuyeza kunaonetsa kuti sikanali khansa, ngakhale kuti pafupifupi theka la zotupa za m'mawere a agalu zimakhala khansa, ndipo mankhwala a mtundu wa jakisoni uja amadziwika kuti amakulitsa zotupa zotere.

Ndikufuna kuchedwako pa jakisoni wolerayu, chifukwa kungouza anthu kuti ndi woipa sikuwasintha. Amene amamubayitsa galu ali ndi vuto lenileni: amphongo khumi pachipata usiku wonse, ndewu, ana a pakhomo olumidwa, mantha a chiwewe, ndi tiagalu tosowa kotipereka. Jakisoni ndi wotchipa ndipo zotsatira zake zimaoneka msanga, pamene kuipa kwake kumadza patapita zaka, mwini ataiwala kale. Tikamamuletsa tiyenera kupereka china m'malo mwake, kaya kutsekera galu m'chipinda chokhoma kwa sabata zitatu za nyengo, kaya opaleshoni, ndipo kwa osowa ndalama tiwauze za mabungwe monga LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre, amene amagwira ntchito yotseka agalu. Jakisoni wa oestrogen wochotsera bere galu akakweredwa mwangozi nayenso amatsegulira pyometra njira yomweyo, ndipo ayenera kufunsidwa m'mbiri.

Galu wachiwiri wa pakhomopo

Banjalo linali ndi galu wina wamkazi wa miyezi 14, wosabayidwapo jakisoni, amene anayamba nyengo kumayambiriro kwa Novembala. Mayiwo, atakhumudwa ndi zimene anaona, anafuna kuti atsekedwe sabata yomweyo, koma ndinawapempha kuti tidikire. Pa nyengo mitsempha ya chiberekero imakhala yodzaza ndipo minofu imang'ambika msanga, moti magazi amatayika ambiri; m'miyezi iwiri yotsatira tikanabwereza bere labodza lija. Nthawi yabwino ndi pamene mahomoni apuma, pafupifupi miyezi 3 nyengo itatha.

Anafunsanso ngati anachedwa kale pa nkhani ya zotupa za m'mawere. Manambala amene ambiri a ife tinaphunzira amachokera ku kafukufuku wa Schneider ndi anzake wa mu 1969 ku California, wonena kuti galu wotsekedwa asanayambe nyengo amakhala ndi maperesenti 0.5 a chiopsezo cha wosatsekedwa, wotsekedwa itapita nyengo imodzi maperesenti 8, ndipo itapita yachiwiri maperesenti 26. Mu 2012 Beauvais ndi anzake a ku Royal Veterinary College ataunikanso kafukufuku wa nkhaniyi anapeza kuti umboni wake ndi wofooka kuposa mmene timaunenera, ndipo kafukufuku wa ku University of California, Davis, wa mu 2013 pa agalu a Golden Retriever anaonetsa kuti kufula kapena kutseka msanga kumayenderana ndi mavuto ena a mfundo za mafupa. Kutseka kumathanso kuchititsa galu wamkulu thupi kudontha mkodzo akamagona, ndiponso kunenepa ngati chakudya sichichepetsedwa. Zonsezi ndinawauza, n'kuonjezera kuti pa pyometra pokha palibe kukayika, pakuti galu wochotsedwa timatumba ta mazira tonse ndi chiberekero, wosabayidwanso mahomoni, sadwala matendawa.

Galuyo anatsekeredwa m'chipinda chosungiramo katundu mpaka nyengo itatha, sikani ya mu Disembala inatsimikiza kuti sanatenge bere, ndipo tinamuchita opaleshoni kumapeto kwa Febuluwale. Chiberekero chake chinali chowonda, mitsempha yaing'ono, magazi otayika ochepa, ndipo anabwerera kwawo madzulo a tsiku lomwelo. Ulusi tinachotsa pa tsiku la 12, bala litapola bwino.